Nkhuŵatemwa: Liwu Limene Linawatseka Pakamwa a Thole

Malemu amene agona patsogolo pathupa, Dokotala Yoram Maclean Thole, anabadwa pa 9 Malichi 1967 m'mudzi uno, kumunsi kwa Manyamula, m'nyumba yaudzu imene inali pamene pali khola la ng'ombe lero. Anali mwana wachitatu wa malemu a Louis Thole ndi malemu mayi Modester nyaHara, m'banja la ana asanu ndi awiri. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Wilson Thole, mng'ono wawo wopondana nawo. Ndimagulitsa mbewu ndi mankhwala a ziweto ku Mzimba boma.

Mafumu athu, abusa, akuluakulu a mpingo, alendo ochokera ku yunivesite, ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza, mundikhululukire. Pa maliro a kuno mbiri timawerenga m'Chitumbuka, koma lero ndiwerenga m'Chichewa, Chichewa changa chophunzirira pa kauntala, kuti alendo athu amve okha ndi makutu awo popanda wowamasulira. Ndinene poyera kuti ndikuopa. M'mawa uno tapemphedwa kuti zaka ziwiri zomaliza za moyo wa malemu tizidumphe. Mwana wawo wotsiriza, Towera, amene wakhala apo pafupi ndi mayi ake, watsala ndi mayeso omaliza okha pa yunivesite yomweyo imene inawaimitsa ntchito bambo ake. Ndikalankhula molakwika pano, wopwetekedwa ndi mwanayo, osati ine. Ndiye ndiziwerenga pang'onopang'ono, ndipo inu amene mwakweza mafoni, jambulani, sindikuletsani.

Malemu anayamba sukulu ya pulayimale m'chaka cha 1974, mochedwa, chifukwa adada, bambo athu, anawagwira kaye kuti aziweta ng'ombe. Kuyambira ali aang'ono anali munthu wa mafunso. Ankafunsa chifukwa chake ifeyo timadzitcha Angoni koma tikulankhula Chitumbuka, ankafunsa chifukwa chake amuna a m'mudzi muno onse ali ku Joni, ankafunsa ngakhale pakati pa pemphero. Adada ankati mwana uyu tsiku lina adzaifunsa ng'ombe chifukwa chimene imabzikulira. Anali ndi chizolowezi china chimene nonse amene munakhalapo nawo mukuchidziwa: akafuna kutsindika mfundo, ankatambasula chikhatho chamanzere n'kumachimenya ndi m'mbali mwa dzanja lamanja, ngati munthu amene akudula nzimbe. Tinkawaseka nacho, amama ankawaletsa, koma sanasiye. Ndikutchula zimenezi chifukwa zibweranso kutsogoloku.

Sitandade 8 anabwereza katatu, osati chifukwa cha umbuli, koma malo a ku sekondale masiku amenewo anali ochepa. Anasankhidwa m'chaka cha 1983. Popita ku sukulu ankakwera njinga ya adada mpaka ku boma, ine ndili pakaliyala kuti ndibwerere nayo. Fomu 4 anakhoza bwino zedi, ndipo m'chaka cha 1988 anakhala munthu woyamba m'mudzi muno kupondako ku yunivesite, kumene anakaphunzira mbiri yakale ndi uphunzitsi.

Zaka zimenezo akuluakulu mukuzikumbuka. Achimwene akabwera ku tchuthi ankalankhula chapansipansi, ngakhale tili awiri kumunda. Anandiuza kuti ku sukuluko munthu asanafunse funso m'kalasi ankayamba wacheuka kaye kuona amene wakhala kumbuyo kwake. Zinkawawawa chomene. Zinthu zitasintha m'dziko muno, anandiuza kuti iwo akadzakhala mphunzitsi, m'kalasi mwawo simudzakhala mwana wocheuka asanafunse.

Atamaliza maphunziro m'chaka cha 1992, anayamba kuphunzitsa pa sekondale ina cha kumalire ndi Kasungu. Pa 17 Ogasiti 1996 anamanga ukwati woyera ndi mayi Kezia nyaZgambo a ku Engutwini, alamu anga ali apawa. Ukwatiwo unatsala pang'ono kulephereka, ndipo wolakwa anali mkwati. Tsiku lokakambirana za malowolo, akuluakulu ali m'kati mwa nkhani, achimwene, amene sankayenera n'komwe kutsegula pakamwa, anayamba kufunsa kuti mwambo wopereka ng'ombewu unayamba liti ndipo unachokera kuti. A kuchikazi anaganiza kuti tikufuna kuzemba. Malume anachita kuwatulutsa panja ngati mwana. A ku Engutwini amene mulipo, ndikuona mukumwetulira, mukukumbuka. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

M'chaka cha 2002 anapita kunja kukawonjezera maphunziro, ndipo atabwerako, m'chaka cha 2004, analembedwa ntchito yophunzitsa pa yunivesite ina kum'mwera. Dzina lake sinditchula. Digiri ya udokotala anaipeza m'chaka cha 2012. Kafukufuku wawo anali wa amuna a kuno ku Mzimba amene akhala akupita ku Joni kuyambira nthawi ya azigogo athu, ndi akazi amene ankatsala akudikira. Ambiri a inu anakuchezerani m'makomo mwanu, atakhala pa mpando wachikumba, akukufunsani mpaka mutatopa. Udokotala sunawasinthe. Akabwera ankavula nsapato n'kulowa m'khola. Ana a abale amene anawaphunzitsa sindiwawerenga, akudzidziwa okha, ena ndi awo akulira kumbuyoko.

M'chaka cha 2015 yunivesite inawasankha kukhala m'komiti yolemba ndondomeko ya ufulu wa aphunzitsi ndi ophunzira. Pa ntchito zonse zimene anagwira, imeneyi ndi imene ankainyadira koposa. Pa Khirisimasi chaka chimenecho anatisonkhanitsa pakhonde n'kutimasulira mutu ndi mutu, nyama ikuzizira. Ife tinkangoyasamula, koma zina ndinazigwira. Ndondomekoyo inkati mphunzitsi ali ndi ufulu wophunzitsa, wofufuza ndi wonena zimene wapeza mopanda mantha. Inkati wophunzira ali ndi ufulu wofunsa ndi wotsutsa. Inkatinso kudzudzula atsogoleri a sukulu si mlandu. Akuluakulu a yunivesite anaivomereza, ndipo ndikumva kuti mpaka lero sinafafanizidwe.

M'chaka cha 2022 pa sukulupo panabwera utsogoleri watsopano, ndipo panatuluka lamulo lakuti mphunzitsi asalankhule pa wailesi kapena kwa atolankhani asanapemphe chilolezo, komanso kuti mitu ya zokambirana zapoyera iziyamba yaonedwa ndi ofesi. Malemu anatsutsa. Anatsutsa pa msonkhano wa aphunzitsi, anatsutsanso kamodzi pa wailesi, ponena kuti lamuloli likuphwanya ndondomeko imene sukulu inadzilembera yokha. Anandiuza kuti anzawo ankawagwira chanza pa nthawi ya tiyi n'kumawalimbikitsa, koma mu msonkhano ankayang'ana pansi. Ine ndinawachenjeza. Ndinati achimwene, muli ndi ana. Anandiyankha kuti n'chifukwa chake akulankhula.

Tsopano ndafika pa zimene ndinapemphedwa kudumpha. Mundilole ndimwe madzi kaye.

Mu Okutobala 2023, malemu ali m'kalasi, wophunzira wina anawafunsa ngati amadana ndi mkulu wa yunivesite, poti ankamutsutsa kwambiri. Linali funso labwino, la mtundu umene iwo ankaukonda. Anayankha m'Chingerezi kuti ayi, sadana naye. Koma achimwene chinthu chikawafika pamtima, lilime linkathawira kwawo. Ndiye anawonjezera m'Chitumbuka, akumenya chikhatho chawo monga mwa chizolowezi chija, kuti: Ŵabwana aŵa nkhuŵatemwa. Kenako anabwerera ku Chingerezi n'kufotokoza kuti munthu amene umamukonda ndi amene umamuuza akalakwa.

Alendo athu, ndapota, mvetserani apa. M'Chitumbuka kutemwa ndi kukonda. Nkhuŵatemwa ndiye kuti ndimawakonda. Pakati pa anthu akhala pansiwa alipo a Temwa, alipo a Temwani, alipo a Chitemwa, makolo awo sanawatche mayina a zikwanje. Mwana aliyense woyamba kumene kulankhula kuno amalidziwa liwu limeneli. Nyimbo imene amayi a Umanyano, gulu la amayi a mu mpingo, ayimba potulutsa thupi m'nyumba muja, liwu limeneli linalimo.

Koma wina m'kalasimo ankajambula pa foni. Kanemayo anamudula, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kusiya pakati pokha, pamene malemu akunena mawu aja dzanja likutsika pachikhatho. Pansi pake analembapo m'Chichewa kuti: Abwana awa n'kuwatema. Pofika mawa lake kanemayo anali m'mafoni a sukulu yonse, ndipo anafika ngakhale kuno, ine ndinamuonera mu sitolo mwanga pa foni ya kasitomala. Amene anajambula sitikumudziwa. Kaya anamva molakwa moona mtima, kaya anadziwa chimene ankachita, zimenezo akudziwa ndi Mulungu. Mu Novembala 2023 malemu anaimitsidwa ntchito pa mlandu woopseza moyo wa mkulu wa sukulu ndi kuutsa ziwawa pakati pa ophunzira. Anawaletsa kuponda pa sukulupo, ngakhale ku laibulale.

Tsiku limenelo anandiimbira foni akuseka mpaka kutsokomola. Anati Wilson, nkhani iyi sifika Lachisanu, pa sukulu pano a kwathu ndi ambirimbiri, aphunzitsi, alembi, madalaivala, ngakhale m'komiti yofufuza mlanduwu alimo awiri amene anayamwa Chitumbuka. Aliyense angonena tanthauzo la liwulo, mbwenu nkhani yatha. Ine ndinaseka nawo. Sitinadziwe.

Palibe amene ananena. Komiti itakumana koyamba, malemu anafotokoza okha, koma anauzidwa kuti woimbidwa mlandu sangakhale womasulira wa mawu ake omwe. Anatchula mayina a anzawo oti akachitire umboni, ndipo anzawowo wina anadwala, wina anali ndi ulendo, wina anati Chitumbuka chake n'cha m'tauni sangachidalire. Komiti inagamula kuti pafunika katswiri wa chilankhulo wosakondera, ndipo inati katswiriyo asakhale wochokera kumpoto, chifukwa angakondere mnzake. Ndiye ankafuna munthu wodziwa Chitumbuka bwinobwino koma wosachokera kumene Chitumbuka chimalankhulidwa. Anamufunafuna, sanamupeze. Mlandu unaimitsidwa, unaimitsidwanso, chaka chinatha.

Anzawo aja sindikuwatukwana. Ena ali pompano, abwera pa basi, ndipo ndaona misozi yawo kuti ndi yeniyeni. Nawonso ali ndi ana, ali ndi nyumba za sukulu zimene akukhalamo. Anaona zimene zinachitikira munthu amene analemba nawo ndondomeko ya ufulu, ndiye iwo akanadalira chiyani? Ineyo ndikanakhala iwo kaya ndikanatani. Koma achimwene chimene chinawathyola si kanema ayi. Ndi kukhala chete kwa anthu amene ankadya nawo.

Mu Malichi 2024 anatuluka m'nyumba ya sukulu n'kubwera kudzakhala ku Mzimba boma, pafupi ndi ine. Munthu amene anatsika basi tsiku limenelo sanali Yoram amene tinkamudziwa. Mlendo akabwera kudzawaona, ankamupempha kuti foni aisiye m'beseni pakhonde. Foni yawo ikalira ndi nambala yachilendo ankangoiyang'ana mpaka isiye, chifukwa panali nthawi imene ankaimbiridwa ndi anthu osalankhula, ongopuma. Ku tchalitchi abusa atawapempha kuti atseke ndi pemphero, anapukusa mutu. Munthu amene ankafunsa mafunso pakati pa pemphero la adada, tsopano ankaopa kupemphera mokweza. Polankhula ankakhalira manja ake, kuwapanikiza pansi pa ntchafu, kuti dzanja lija lisanyamuke. Tikamayenda mu msika, asanandiyankhe kanthu, ankayamba wacheuka.

Alamu andilola kunena ichi. Kuyambira mwezi umene anaimitsidwa ntchito mpaka tsiku lomwalira, liwu lija sanalitchulenso, ngakhale kwa akazi awo m'nyumba mwawo. Mu Juni 2024 mwana wawo Cathy anabereka mwana wamkazi, mdzukulu wawo woyamba, ndipo makolo ake ankafuna kumutcha Temwa. Atabwera naye kwa agogo ake kuti avomereze dzinalo, malemu anamunyamula, anamuyang'ana nthawi yayitali, kenako anapempha kuti amufunire dzina lina. Mwanayo ndi Caroline, ali kumsana kwa mayi akeyo.

Mu Januwale 2025 malemu anagwa pakhomo akuthirira maluwa. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Mbali yakumanja inafa, dzanja lija linangoti lende. Atayamba kutsegula pakamwa patapita masabata, tinapeza kuti Chingerezi chonse chapita, Chichewa chapita, chatsala Chitumbuka chokha, nachonso mawu owerengeka. Madokotala anati zimachitika, chilankhulo cha ku ubwana ndi chimene chimatsalira. Mu Epulo uthenga unabwera wakuti komiti yakonzeka kuwamvanso. Alamu atawauza, anatembenukira kukhoma mwamantha. Sakanatha kuyenda, komanso akanapita akanalankhula chilankhulo chiti? Chimene chinawatsalira ndi chomwe chija chinawaika m'mavuto. Kuyambira pamenepo anangokhala duu, kuloza ndi chala akafuna madzi.

Lolemba pa 11 Ogasiti 2025, dzuwa litangotuluka, malemu anatisiya ali m'chipatala ku Mzimba, akazi awo atawagwira dzanja. Anali ndi zaka 58. Amwalira mlandu wawo usanagamulidwe. Ine si dokotala, ndipo sindikunena kuti pali munthu amene wawapha. Ndibwereze, chifukwa cha mafoni aja: sindikunena kuti pali munthu amene wawapha. Amene mukujambula, mawu amenewo musawadule.

Dzulo alendo athu a ku yunivesite anafika ndi bokosi labwino limene malemu agonamoli, ndi basi yodzaza aphunzitsi ndi ophunzira. Tinawalandira ndi manja awiri. M'mawa uno, kuseri kwa khola, amene atsogolera alendowa anakumana ndi akuluakulu a banja. Analankhula mwaulemu kwambiri, sanakweze mawu. Anapempha kuti mbiri inene kuti malemu amwalira ali pa tchuthi cha matenda, nkhani ya kuimitsidwa ntchito isatchulidwe, kuti dzina la sukulu ndi la malemu onse asungike. Anatikumbutsanso kuti Towera amaphunzira ngati mwana wa mphunzitsi wa pa sukulupo, ndipo kuti za maphunziro akezo ziyenda malinga ndi mmene nkhani ya bambo ake itsekedwere. Sanatiopseze ayi. Anangotchula zinthu ziwirizi motsatizana, ife tinamva.

Akuluakulu tinavomera, ine woyamba. Ndinatenga cholembera n'kukhwatcha ndime zimene ndangowerengazi, mukayandikira muona mizere yake. Ndinati mwana amalize sukulu, wakufa wapita kale. Kenako ndinapita kukamuuza Towera kuti mtima wake ukhale m'malo.

Mwanayu sanalire. Anandiuza kuti kanema uja atatuluka iye anali m'chaka chachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo wakhala akukhala kumbuyo kwenikweni m'kalasi. Sanafunsepo funso ngakhale limodzi, chifukwa akangokweza dzanja mafoni amatuluka. Dzina lake likaitanidwa, ena amamenya chikhatho ndi dzanja n'kumaseka. Anati pa sukulupo bambo ake amadziwika ngati munthu amene ankafuna kutema mnzake, ndipo anthu amene akanatsutsa anakhala chete. Anati ngati ifenso, abale awo, pa mudzi wawo, pamaso pa anthu amene onse akudziwa tanthauzo la liwulo, tikhala chete lero, ndiye kuti bodzalo tilikwirira nawo limodzi ngati choonadi. Ndinamufunsa ngati akudziwa chimene angataye. Anati akudziwa kuposa ine. Ndinayang'ana alamu, alamu anagwedeza mutu kuvomera.

Ndiye musanditenge ngati munthu wolimba mtima. Ine ndinafuna kudumpha. Ndawerenga chifukwa mwana wa zaka 23 wandituma. Akuluakulu a banja amene tinagwirizana m'mawa uja, mundikhululukire, sindinapeze mpata wokuuzani kuti zasintha. Mlandu wake ndi wanga, tikambirana.

Kwa yunivesite, banja silikupempha chipepeso, silikupita ku khoti, silikufuna kuti wina achotsedwe ntchito. Tikupempha kuti nkhani ya malemu itsekedwe ndi tanthauzo loona la mawu amene ananena. Katswiri amene munamusowa chaka ndi theka uja, lero mwakhala pakati pa akatswiri otere mazana. Mukhoza kufunsa aliyense, ngakhale amayi amene akupatsani madzi osamba m'manja aja. Ndipo inu ophunzira amene mwabwera, ambiri munadutsa m'kalasi mwawo. Wina mwa inu ali naye kanema wathunthu wa tsiku lija, wosadula. Sindikufunsa kuti ndi ndani, ndipo sindikukuuzani chochita, chifukwa nanunso muli ndi makolo amene akudikira madigiri anu. Ndangonena kuti mudziwe kuti tikudziwa.

Malemu asiya akazi awo, mayi Kezia nyaZgambo. Asiya ana atatu: Keith, amene ali ku Joni ndipo walephera kufika chifukwa cha mapepala, Cathy, amene ndi namwino, ndi Towera. Asiya mdzukulu mmodzi, Caroline. Asiya alongo awo awiri, mayi Monalisa a ku Engutwini ndi mayi nyaThole aang'ono a ku Chikangawa, ndi ine mng'ono wawo. Abale athu ena atatu anatsogola kale.

M'malo mwa banja ndikuthokoza mafumu potipatsa malo ogoneka m'bale wathu. Ndikuthokoza abusa ndi mpingo wonse, amayi a Umanyano amene akhala ndi alamu kuyambira Lolemba, madokotala ndi anamwino amene anawasamalira malemu mosatopa, adzukulu amene akumba manda pa nthaka youma ngati ino, a Ben Mtonga a ku Chikangawa amene atumiza lole ya nkhuni, ndi a Sam Ziba amene ankabwera Loweruka lililonse kudzawameta ndevu malemu ndi kukhala nawo chete, osatopa nawo. Anzanga a mu msika amene mwatseka masitolo lero, yewo chomene. Ndikuthokozanso yunivesite chifukwa cha bokosi ndi chifukwa chobwera mtunda wautali chonchi. Kuthokoza kumeneku n'kochokera pansi pa mtima, musakumve mwina.

Chomaliza ndi pempho, ndipo likupita kwa inu bambo amene mwatsogolera alendo. Mayeso a Towera akuyamba Lolemba. Mwa mwambo wathu mwana wa malemu sachoka pamudzi tisanasese ndi kumeta, koma mafumu ndi akuluakulu amumasula, chifukwa tikuopa kuti akachedwa ndi tsiku limodzi lokha, kuchedwako kungasanduke chifukwa. Galimoto ina yoti imufikitse kum'mwera nthawi yabwino tilibe. Basi yanu inyamuka tikangochoka ku manda. M'mawa, tisanasinthe maganizo, munatiuza kuti malo a mwanayu m'basimo alipo. Chikwama chake wamanga kale, chili pakhomo la nyumba ya siwa. Tikabwera ku manda adzachinyamula n'kukaima pa chitseko cha basiyo, ndipo ife tonse amene tili pano, mafumu, abusa, ndi mudzi wonse, tidzaima naye. Sitidzanena kanthu. Mukamutsegulira, tidzadziwa kuti mwana wathu akukalemba mayeso, ndipo tidzampereka m'manja mwanu ali wamoyo, wathanzi, wopanda mlandu, kuti mudzatibwezere chimodzimodzi. Basi ikanyamuka iye ataima pansi, yankho tidzakhala talimva, ndipo ine ndidzakhala moyo wanga wonse ndikudziwa kuti amene anawerenga mbiriyi ndine.

Achimwene a Yoram, zimene munalephera kunena tanena, mwamantha momwemo. Mwana wanu akupita kukaima pa chitseko. Mulungu amene anakupatsani kwa ife akulandireni, ndipo mzimu wanu ukapume mu mtendere umene kuno munausowa.

Abusa, ndamaliza. Tinyamule.